Kodi Tidetse Chifukwa Alipo Wotsuka?

Abale ndi alongo amene mwapatsidwa udindo wophunzitsa ana mu Sande Sukulu, pali funso limodzi limene tsiku lina lidzakupezani m'kalasi mwanu. Mukaphunzitsa bwino kuti Mulungu amakhululukira wochimwa aliyense wolapa, mwana wina wochenjera adzakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, ngati zili choncho, cholakwa n'chiyani nditaba mango Loweruka, n'kudzalapa Lamulungu?"

Musamkalipire mwana ameneyo, pakuti funso lake si lachibwana. Mtumwi Paulo adaliyembekezera, nalifunsa yekha poyamba chaputala 6 cha kalata yake kwa Aroma. Amene adalemba Katekisma wa Heidelberg m'chaka cha 1563 adaliika pa funso la 64, pamene akufunsa ngati chiphunzitso cha chisomo sichisandutsa anthu kukhala osasamala. Ngakhale ife akuluakulu timalifunsa kawirikawiri, ngakhale sititero ndi pakamwa. Zochita zathu ndizo zimafunsa.

Kuti tiliganizire bwino, tiyeni tipite nalo kumunda, kumene ana athu ambiri amakhala pamodzi ndi makolo ao m'kati mwa sabata.

Zimene zimachitika pansi pa mapazi athu

Masiku ano alimi ambiri m'midzi yathu, m'malo mopalira ndi khasu, amapopera mankhwala opha udzu. Maina ngati Roundup ndi Bullet ana athu amawadziwa. Munthu amabereka chopopera kumsana, nayenda m'mizere m'mawa umodzi, ndipo ntchito imene ikadatenga banja lonse masiku ambiri yatha. Koma tidayamba tafunsapo kuti mankhwalawo akapha udzu amapita kuti? Ngati akadangotsala m'nthaka chaka ndi chaka, bwenzi minda yambiri ya pa dziko lapansi itafa kale.

Gawo lalikulu la yankho lili mwa tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amati mabakiteriya. Ambiri a ife tikamva dzinali timaganiza za matenda, koma mabakiteriya ochuluka sadwalitsa munthu. M'kasupuni kamodzi ka dothi lachonde mumapezeka mabakiteriya pakati pa 100 miliyoni ndi 1 biliyoni. Iwowa, pamodzi ndi tizilombo tina ta m'nthaka, ndiwo amawoletsa mapesi, masamba ndi ndowe kuti zisanduke manyowa. Ena mwa iwo amadyanso mankhwala opha udzu.

Mankhwala otchedwa 2,4-D adayamba kugulitsidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Cha m'ma 1949 katswiri wa zomera wa ku Britain, Leslie Audus, adaika dothi m'chiwiya chagalasi, namadutsitsamo madzi osakaniza ndi mankhwalawa mobwerezabwereza. Kwa masiku angapo sipadaoneke kusintha kwenikweni. Kenaka mankhwala aja adayamba kutha msanga mpaka adazimirira. Atathiranso kachiwiri m'dothi lomwelo, adatha mofulumira, popanda kudikira monga poyamba. Audus adazindikira kuti m'dothimo mudali zamoyo zimene zidachulukana podya mankhwalawo. Ofufuza adaonanso kuti dothi limene laphikidwa mpaka tizilombo take tafa silichita ntchito imeneyi.

Nkhani ya mankhwala ena otchedwa atrazine ndiyo yodabwitsa koposa. Adapangidwa ndi kampani ya Geigy ku Switzerland m'chaka cha 1958, ndipo amathiridwa m'minda ya chimanga, mapira ndi nzimbe. Amapezekanso m'kati mwa Bullet. Kwa zaka zambiri ankadziwika kuti amakhalitsa m'nthaka. Koma m'chaka cha 1995 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Minnesota ku America, Mandelbaum, Allan ndi Wackett, adalengeza za bakiteriya wa mtundu wa Pseudomonas amene adampeza m'dothi la pamalo pamene mankhwala adatayikapo. Bakiteriya ameneyu amaphwanya atrazine pang'onopang'ono. Pongothyola kachidutswa koyamba, mphamvu yopha zomera imatha. Akapitiriza amatulutsamo nayitirojeni, chakudya chomwe chija timachifuna mu feteleza wa Urea, namadya. Luso limeneli lidalembedwa pa kachinthu kakang'ono m'kati mwa bakiteriya kamene akatswiri amakatcha plasmid, ndipo mabakiteriya amatha kupatsirana kachinthu kameneka, monga amayi amapatsirana nthanga za maungu. M'zaka zotsatira luso lomwelo lidapezeka m'minda ya maiko ambiri otalikirana.

Taganizani. Chinthu chimene munthu adapanga kuti chiphe, cholengedwa chochepetsetsa chachisandutsa chakudya. Mkhristu akamva zotere ayenera kuvula chipewa. Mlengi sadasiye dziko lake lopanda otsuka.

Njira ziwiri zolakwika

Munthu akadziwa zimenezi angalowere njira ziwiri, ndipo zonse n'zosokeretsa.

Woyamba amati: "Tsono nkhawa n'njachiyani? Ndithire mmene ndifunira, nditsukire chopopera pamene ndafuna. Nthaka idzakonza." Uyu ndi mbale wake wa mwana wa mango uja.

Wachiwiri amati: "Mankhwala onse ndi tchimo. Mkhristu weniweni amalima ndi khasu basi." Tisafulumire kuyamikira mau amenewa chifukwa akumveka ngati auzimu. Khasu nalonso limapha udzu, ndipo Malemba saletsa munthu kulimbana ndi minga ndi mitungwi imene Genesis 3 amanena. Ganizirani za mayi wamasiye amene ali ndi ekala imodzi ya chimanga, ana ali kusukulu, ndalama ya aganyu palibe, ndipo mvula ya mu Januwale sikukata. Udzu ukapitirira chimanga m'masabata oyambirira, zokolola zimatsika kwambiri, ndipo njala imalowa m'nyumba. Ngati mayi ameneyo apopera mankhwala mosamala, ndani wa ife adzaima kumtsutsa? Nzeru zopangira mankhwala nazonso ndi mphatso ya Mulungu.

Motero kupopera pa kokha si kumene tikuweruza. Chimene tikufunsa ndi ichi: kodi kudziwa kuti alipo wotsuka kumachotsa mlandu pa wodetsa?

Pamene nthaka imalekezera

Tisanayankhe, tione bwino ntchito ya mabakiteriya aja, pakuti ili ndi malire ake.

Choyamba, imafuna nthawi. Mwaona kuti m'chiwiya cha Audus mudapita masiku ntchito isanayambe. Mvula siyembekeza masiku amenewo. Munthu akapopera masana, usiku n'kugwa mvula yamphamvu, madzi amakokolola mankhwala kupita nawo kukhwawa, kudambo ndi kudimba la mnzake.

Chachiwiri, imachitika makamaka m'dothi la pamwamba, mmene muli mpweya, chinyezi, kutentha ndi zowola. Mankhwala akalowerera pansi kufikira madzi amene timatunga m'zitsime, amapeza otsuka ochepa kwambiri. Dziko la Germany lidaletsa atrazine m'chaka cha 1991, koma patapita zaka zoposa 20 ofufuza ankampezabe m'madzi a pansi pa nthaka m'madera ena a dzikolo. Bungwe la maiko a ku Ulaya, European Union, lidachotsa chilolezo cha mankhwalawa m'chaka cha 2004 pa chifukwa chomwechi cha madzi. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Chachitatu, otsukawo ndi amoyo, ndipo chamoyo chimafuna kudya. Munda umene mapesi ake amatenthedwa chaka chilichonse, umene sulandira manyowa, umene dothi lake la pamwamba lidakokoloka, uli ndi tizilombo tochepa ndi tofooka. Nthawi ya chilimwe, nthaka ikauma gwa, ntchito yao imachedwa zedi. N'chifukwa chake atrazine wotsalira angathe kuwononga nyemba, soya kapena mtedza wobzalidwa pambuyo pake.

Chachinayi, ntchitoyo siimatha yonse nthawi imodzi. Mankhwala a mu Roundup, otchedwa glyphosate, amene adayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1974, mabakiteriya akawaphwanya kawirikawiri pamatsala chinthu china chotchedwa AMPA, chimene chimakhalitsa m'nthaka kuposa glyphosate yemweyo.

Chachisanu ndicho choyenera kuchisunga mumtima. Mlimi akathira mankhwala amodzimodzi m'munda womwewo chaka ndi chaka, mabakiteriya odya mankhwalawo amachuluka nazolowera. Kale akatswiri ankawerengera kuti theka la atrazine limatha patapita masiku pafupifupi 60. Koma m'minda ina ya ku Mississippi ndi ku Colorado ku America, imene idathiridwa atrazine zaka zambiri, ofufuza adapeza kuti theka limatha m'masiku owerengeka, ndipo udzu umameranso msanga. Mlimi wataya ndalama yake kudyetsa tizilombo, udzu uli chilili. Iye amene adadalira nthaka mopitirira muyeso wapeza kuti nthaka yomweyo yamlanda chida chake.

Kutsuka sikufafaniza mlandu

Tsopano tingathe kuyankha. Tiyambe ndi kunena zoona za mabakiteriya: alibe chifundo. Sadziwa mlimi, sadziwa mwana womwa madzi a pachitsime. Akungofuna chakudya. Chifundo ndi cha Iye amene adakonza dziko motero kuti njala ya kachilombo kosaoneka isanduke chitetezo cha munthu. Ichi ndi chimene mpingo umachitcha chisamaliro cha Mulungu pa zolengedwa zake.

Chisamaliro chimenechi munthu angachilandire m'njira ziwiri: moyamika kapena modyera masuku pamutu. Kusiyana kwake tikuona pamene Satana adatengera Ambuye Yesu pamwamba pa Kachisi, monga tiwerenga pa Mateyu 4. Lonjezo lakuti angelo adzamsunga lidali loona. Koma Ambuye adakana kudziponya pansi, chifukwa kudziika dala m'tsoka kuti Mulungu akakamizike kupulumutsa ndiko kumuyesa Mulungu. Munthu wopopera molingana ndi muyeso, kutali ndi madzi, pa nthawi yoyenera, akudalira chisamaliro cha Mulungu. Wokhuthulira zotsala mumtsinje nanena kuti zidzatha zokha akudziponya kuchokera pa Kachisi. Choipitsitsa n'chakuti amene amagwa pansi kawirikawiri ndi wina: mayi wochapa kumunsi kwa mtsinje, mwana wosambira, mbuzi za mnansi, nsomba za m'dziwe.

Kumbukiraninso Yosefe. Pa Genesis 50 adauza abale ake zinthu ziwiri pamodzi: kuti iwo adafuna kumchita choipa, ndi kuti Mulungu adachitembenuza kuti chipulumutse anthu ambiri. Chachiwiricho sichidafafanize choyambacho. Tirigu wa ku Ejipito sadasandutse kugulitsa mbale kukhala ntchito yabwino. Yakobo adalira zaka zambiri, ndipo zaka zimenezo sizidabwerere. Mulungu angathe kutulutsa chabwino m'choipa chathu, koma ulemu wake ndi wa Mulungu, ndipo choipacho chikhalabe chathu kufikira titachivomereza.

Tionjezepo kuti munda si wathu kotheratu. Pa Genesis 2:15 munthu adapatsidwa ntchito ziwiri m'munda wa Edene, yolima ndi yosunga. Pa Levitiko 25 Aisraele adalamulidwa kupumuza minda yao chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo adakumbutsidwa kuti mwini dziko ndi Mulungu, iwo ndi alendo pamenepo. Makolo athu sadawerenge Levitiko, koma ankadziwa kusiya tsala kuti nthaka ibwerere mwakale. Lero minda yachepa, tsala lasowa, ndipo nthaka ikugwira ntchito yopanda Sabata. Ngati sitingathe kuipumuza, tisaisenzetse katundu woposa mphamvu yake.

Pamene fanizo likuthera

Aphunzitsi, chenjerani apa. Musauze ana kuti chisomo cha Mulungu chili ngati nthaka m'zonse, chifukwa mudzawaphunzitsa bodza. Nthaka ndi cholengedwa. Imatopa, imalephera, imatha. Chisomo cha Mulungu mwa Khristu sichitha, ndipo palibe tchimo lozama kwambiri lakuti mwazi wake sungalifikire. Mwana asachoke m'kalasi mwanu akuopa kuti mwina wachimwa kochuluka kotero kuti chikhululukiro chamthera.

Kusiyana kuli pawiri. Poyamba, mabakiteriya amapindula ndi ntchito yao, pakuti amakhuta. Ambuye wathu sadapindule kanthu ndi machimo athu. Adawasenza pa mtanda, namva kuwawa kwake konse. Munthu amene waona mtengo wa chikhululukiro sangachiyese chotchipa. Kachiwiri, nthaka imasintha mankhwala koma mlimi imamsiya monga adaliri. Akhoza kubweranso mawa ndi mtima womwewo. Chisomo chimasintha munthuyo. Ili ndilo yankho la Paulo pa Aroma 6: wokhulupirira adalumikizidwa ndi Khristu mu imfa yake ndi m'kuuka kwake, kotero kuti tchimo silinso mbuye wake. Pa Aroma 2:4 akuonjeza kuti kuleza mtima kwa Mulungu cholinga chake ndi kutitsogolera ku kulapa.

Tsono mwana wa mango mumyankhe mofatsa. Mumuuze kuti kulapa kokonzeratu Loweruka usanabe si kulapa, chifukwa kulapa ndiko kumva chisoni ndi kutembenuka, ndipo munthu sangapangane ndi mtima wake kuti adzamva chisoni mawa pa chinthu chimene akuchikonda lero. Mumfunsenso kuti: "Nanga mwini mango uja, Lamulungu likadzafika, mango ake adzabwerera mumtengo?" Mumkumbutse za Zakeyu, amene atalandira Ambuye m'nyumba mwake adalonjeza kubweza kanayi kwa onse amene adawabera.

Anthu amene ali ngati nthaka

Phunziroli lisathere kumunda. M'nyumba iliyonse ndi mumpingo uliwonse muli anthu amene amagwira ntchito ya mabakiteriya aja. Saoneka, sayamikidwa, koma popanda iwo pakhomo sipakadakhalika. Alipo mayi amene amatola zonse zimene ana amataya. Alipo mtsikana wamkulu amene amatsuka mbale za abale ake onse. Alipo mkazi amene amameza mau owawa a mwamuna wake, m'mawa n'kumuikira madzi osamba ngati palibe chidachitika. Alipo mkulu wa mpingo amene amayenda mitunda kuyanjanitsa anthu amene ife tidawayambanitsa ndi miseche.

Chifukwa chakuti sadandaula, timayesa kuti sizikuwapweteka. Timati, "Amayi adzakonza," kapena, "Iye uja sakwiya." Koma iwonso ndi zolengedwa. Zina zimene timawathira zimalowa pansi, kumene kuleza mtima sikufika, ndipo zimakhala komweko zaka zambiri, monga mankhwala m'madzi a ku Germany. Tsiku lina timadabwa kuona munthu wofatsa wadwala, kapena wachoka, kapena wangokhala chete osatiyankhanso. Phunzitsani ana, makamaka anyamata, kuti kukhalapo kwa wotsuka ndi chifukwa chochepetsera litsiro ndi kugwira nawo tsache.

Ifenso aphunzitsi tidziyese. Ana amene timawaphunzitsa amatikhululukira msanga. Tikafika mochedwa, tikabwera osakonzekera, tikawalankhula mwaukali, sabata yotsatira amabweranso akusekerera. Tisatenge kufewa kwa mitima yao ngati chilolezo.

Mmene mungaphunzitsire

Kutatsala masabata anayi kuti muphunzitse mutu uwu, pitani ndi ana kuseri kwa tchalitchi. Kumbani pamalo a dothi lakuda, mukwirire khoko la nthochi ndi kachidutswa ka jumbo ya pulasitiki, muikepo chizindikiro. Ngati si nthawi ya mvula, ana azithirapo madzi. Pa tsiku la phunziro fukulani. Khoko lidzakhala litawola kapena litatha, koma jumbo idzatuluka monga idalowera. Afunseni ana: Ndani wadya khoko? Bwanji jumbo yatsala? Ndani adzaichotsa ngati ife sitiichotsa? Kuchokera pamenepo alowetseni m'nkhani ya Yosefe kapena ya Zakeyu, malinga ndi msinkhu wao.

Popeza ambiri mwa inu ndinu alimi, ndipo ana amaphunzira ndi maso kuposa ndi makutu, sungani izi pa makomo panu ndipo muzikambirane ndi makolo. Mwana asatumidwe kusakaniza kapena kupopera mankhwala. Chopopera chisatsukidwire pachitsime, pamjigo kapena mumtsinje; madzi otsukira athiridwe m'munda momwe mwapoperamo. Botolo lotha litsukuluzidwe katatu, madzi ake athiridwe m'chopopera, kenaka libooledwe kuti wina asadzaikemo mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Muyeso wolembedwa pa botolo usapitirizidwe poganiza kuti wochuluka ndiye wamphamvu. Musapopere mvula ikulendewera kapena mphepo ikuomba kulowera kumunda kwa mnzanu. Gulani mankhwala ovomerezedwa ndi bungwe la boma la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lao lenileni lolembedwa bwino, ndipo funsani alangizi a zaulimi. Chitani kasinthasintha wa mbewu, musatenthe mapesi, thirani manyowa, kuti antchito osaoneka aja akhale ndi chakudya. Ndipo siyani kachigawo kena kosapopera, kuti bonongwe, chisoso, luni ndi maungu zisathe pakhomo.

Mwina wina adzati zinthu zotere si za Sande Sukulu. Koma mwana amene waphunzira kuima pamphepete pa mtsinje ndi kuganizira munthu wa kumunsi amene sakumuona wayamba kumvetsa lamulo lokonda mnansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo madzi amene akumwa adutsa m'munda mwako.

Pomaliza phunziro mungapemphere ndi ana motere: Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha nthaka imene imatidyetsa, ndi chifukwa cha zolengedwa zanu zazing'ono zimene zimatitumikira ife osadziwa. Tikuyamikani chifukwa cha anthu amene amatipirira tsiku ndi tsiku. Koposa zonse tikuyamikani chifukwa cha Mwana wanu amene adasenza zoipa zathu. Tikhululukireni pamene tidayesa kuleza mtima kwanu ngati chinthu chachabe, ndipo mutipatse mtima watsopano wosakonda kudetsa. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.